Nambala 19 ndi Umodzi Wathu



Timakumana pa Phwando masiku 19 aliwonse. Mwezi wathu uli ndi masiku 19, chaka chathu chili ndi miyezi 19, ndipo m'mwezi wa 'Alá' timasala kudya masiku 19. Lero tiyeni tiiyang'anitsitse nambala imeneyi.

Tengani njere 18 za chimanga, muziike pamphasa. Mutha kuzigawa m'magulu awiri a njere 9, magulu atatu a njere 6, magulu 6 a njere zitatu, kapena magulu 9 a njere ziwiri. Palibe njere yotsala. Tsopano onjezerani njere imodzi, zikhale 19, muyesenso. M'magulu awiri, itsala imodzi. M'magulu atatu, itsalanso imodzi. M'magulu anayi zitsala zitatu, m'magulu asanu zitsala zinayi. Nambala yotere aphunzitsi a masamu amaitcha prime number: imagawika ndi 1 komanso ndi iyo yokha basi. Mukawerenga 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17, 19, muona kuti 19 ndi yachisanu ndi chitatu pamndandanda wa nambala zoterezi.

M'chaka cha 1844, mumzinda wa Shíráz ku Persia, Báb analengeza uthenga Wake. Anthu 18 oyamba kumukhulupirira, kuyambira Mullá Husayn mpaka Quddús, anali osiyanasiyana, ndipo mmodzi wa iwo, Táhirih, anali mkazi. Pamodzi ndi Báb anakwana 19, ndipo gulu lotere limatchedwa Váhid, kutanthauza umodzi. M'Chiarabu chilembo chilichonse chili ndi nambala yake. Zilembo zinayi za mawu akuti Váhid ndi 6, 1, 8 ndi 4. Mukaziphatikiza mupeza 19.

Abwenzi, nambala si chithumwa, ndipo sitiipembedza. Koma itha kutikumbutsa za ife eni. Anthu 18 paokha agawika mosavuta: amuna uku akazi uko, a mtundu uwu ndi a mtundu uwo, ophunzira ndi osapita kusukulu, a ndalama ndi opanda. Mdera lathu timaziona. Mawu amodzi olankhulidwa kumbali amakwana kuti banja lina lisiye kubwera ku Phwando. Chimene chinagwirizanitsa anthu 18 aja chinali Mmodzi amene onse anamuzindikira ndi kumukonda. Tikamuchotsa pakati pathu, tibwerera pa 18, ndipo magulu ayambanso.

Palinso china. Miyezi 19 ya masiku 19 imapanga masiku 361, pamene chaka cha dzuwa chili ndi masiku 365 kapena 366. Masiku anayi kapena asanu otsalawo sanatayidwe. Ndiwo Ayyám-i-Há, nthawi yochereza alendo, yopereka mphatso ndi yoyendera odwala ndi osauka. Ngati kalendala yathu inapezera malo masiku otsala, ifenso tipezere malo munthu wotsala.

Tiyeni tikambirane:

1. Kodi ndi zinthu ziti zimene zimatigawa m'magulu kuno kwathu?
2. Ndani amene sanaoneke pa Maphwando atatu apitawa, ndipo ndani wa ife akamuyendere sabata ino?
3. Tikasemphana maganizo pokambirana, timatani kuti Mulungu akhalebe pakati pathu?

Tisanatseke ndi pemphero, aliyense atchule mumtima dzina la mbale kapena mlongo mmodzi amene akamufikire Phwando likubwerali lisanakwane.