Mfuti Zotsala pa Nkhondo ku Tsangano ndi Macanga

Ku America kuli anthu amene amagula mfuti zakale za asilikali n'kumazisunga ngati chuma. Wina akapeza Mosin-Nagant ya ku Russia kapena Lee-Enfield ya Angerezi, amaichotsa girisi amene inasungidwiramo, amapukuta mpope wake, amawerenga manambala a fakitale, kenako amafufuza nkhondo imene inamenya. Malamulo a kwawo amalola. Koma ku Tsangano ndi ku Macanga, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, mfuti yotsala pa nkhondo si ya makedzana. Amene inawathamangitsa adakali moyo, ndipo akulima mbatata ya kachewere ndi fodya m'minda yomwe ija anaisiya pothawa.

Dera limeneli linayamba kale kumva kulira kwa mfuti. M'zaka za m'ma 1800 banja la Pereira linkalamulira Macanga ndi achikunda onyamula gogodela, osaka minyanga ndi akapolo, kufikira Apwitikizi atawagonjetsa mu 1902. Gogodela inkafuna kuleza mtima: kuthira onga, kutsendera chipolopolo ndi kamtengo, kuwomba kamodzi, n'kuyambiranso. Frelimo itatsegula nkhondo m'chigawo cha Tete mu 1968, asilikali a Apwitikizi ankayenda ndi G3, omenyera ufulu ali ndi AK-47. Mfuti ya Kalashnikovyo inakwera mpaka pa mbendera ya dziko, pamene ikuonekabe lero pamodzi ndi khasu ndi buku. Ndi yomweyonso imene inalira mbali zonse ziwiri pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo kuyambira 1977 mpaka 1992, imene inathamangitsira ku Malawi anthu pafupifupi miliyoni imodzi.

Osunga mfuti kunjaku amaitama AK-47 kuti siifa. Ili ndi zitsulo zochepa, imalowa zipolopolo 30, ndipo matope kapena mchenga siziiletsa kugwira ntchito. Kulimba komweko ndiko tsoka la kuno. Mfuti yopakidwa girisi, yokulungidwa m'pulasitiki n'kukwiriridwa pansi pa nkhokwe kapena kuphanga, imatha kufukulidwa patapita zaka zambiri ili bwinobwino. Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, bungwe la United Nations linatolera zida, koma mbali ziwirizi sizinkakhulupirirana, choncho zambiri zinabisidwa. Malire a kuno ndi msewu chabe: pa Biriwiri munthu amagula tomato ku Malawi n'kukamwa tiyi ku Mozambique. Amalawi amene anali akuluakulu m'zaka za m'ma 1990 amakumbukira mmene achifwamba a AK-47 anachulukira nkhondo itangotha. Kuchokera mu 1995 apolisi a Mozambique ndi a South Africa anayamba kufukula ndi kuphwasula zida zobisidwazo pa ntchito yotchedwa Operation Rachel.

Chaka chomwecho Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo yachikhristu ku Mozambique anayambitsa ntchito yosinthanitsa zida ndi makasu. Wobweretsa mfuti ankalandira khasu, njinga, malata kapena makina osokera, ndipo sankafunsidwa kumene waitenga. Nzeru yake inali yoti bambo wobisa mfuti si chigawenga nthawi zonse. Kawirikawiri ndi munthu wamantha, amene anasenzapo katundu pamutu usiku ana ali pambuyo, ndipo analumbira mumtima kuti sadzapezekanso chimanjamanja.

Mantha amenewo si opanda pake. Mu 2015 ndi 2016 mfuti zinaliranso ku Tete, ndipo anthu masauzande ambiri anathawira ku Kapise m'boma la Mwanza, ena n'kusamutsidwira ku Luwani ku Neno. Komatu zimene othawawo ankafotokoza n'zakuti nyumba ndi nkhokwe zinkatenthedwa chifukwa chowaganizira kuti akusunga a Renamo. M'nyengo yotere mfuti yopezeka kudenga siiteteza banja, imangophetsa mwini nyumba. Mtendere ukabwerera, imadikira mwana wosewera, mkangano wa malire a munda, kapena munthu wobwera ndi ndalama amene sanena chimene akufuna kukachita nayo.

Komabe amene amakonda mbiri ya mfuti ali ndi mfundo imodzi yoona: chida chimaphunzitsa zimene buku la kusukulu limadumpha. Amisiri a ku Maputo anadula zida zoperekedwa zija n'kuziwotcherera kukhala zosema. Mpando wa mfuti umene Cristóvão Canhavato anapanga mu 2001 uli ku British Museum ku London, kumene alendo a m'mayiko onse amauona. Mwana wa ku Furancungo ku Macanga, amene agogo ake anaikwa m'manda chifukwa cha zitsulo zoterozo, sadzafikako.

Sizingafune ndalama zambiri kuti pa boma la Tsangano kapena ku Furancungo pakhale chipinda chimodzi chokhala ndi gogodela, G3 ndi AK-47 zodulidwa mpope kuti zisawombenso, pamodzi ndi mawu ojambulidwa a anthu amene anazinyamula ndi amene anazithawa, m'Chinyanja chawo chomwe. Zitsulozo zikhoza kudikira, koma anyamata amene analowa kutchire mu 1968 tsopano apitirira zaka 70, ndipo amayi amene anaberekera ana m'misasa ya ku Ntcheu nawonso akukalamba.