Lamulo Siliyenda Lokha

Mwana amene anabadwa mu 2015, chaka chimene boma la Malawi linaletsa majumbo opyapyala, anali atadziwa kale kuwerenga ndi kulemba pamene Khoti Lalikulu ku Lilongwe linakana dandaulo la makampani opanga majumbowo kumayambiriro kwa 2025. Zaka khumi zathunthu lamulo lili m'buku, koma pachiwaya tchipisi chikukulungidwabe m'kajumbo kowonekera, ndipo m'ngalande za ku Limbe ndi ku Mchesi madzi akusowa podutsa. Wina akamva mbiri imeneyi amagwa ulesi n'kunena kuti, "Ndi Malawi ameneyo, palibe chimayenda." Ine ndikuti ayi. Imvetseni bwino mbiriyo. Ndi mbiri ya anthu amene anakana kutopa, ndipo phunziro lake tikulifuna kwambiri lero pamene migodi ikutsegulidwa m'maboma athu.

Lamulo la 2015 linali lomveka: majumbo opyapyala osakwana mamaikironi 60 asapangidwe, asalowe m'dziko, asagulitsidwe. Maikironi imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, choncho tikunena za tijumbo tija tong'ambika usanafike n'kunyumba komwe, tosatheka kugwiritsanso ntchito kachiwiri. Mu 2016 makampani anathamangira kukhoti n'kutenga chiletso, lamulo n'kuima. Mlandu unkangosinthidwa masiku, majumbo akuchuluka. Funsani wopha mbuzi pamsika akuuzeni zimene amaona. Akang'amba chifu, m'malo mwa msipu amapeza chimpukutu cholimba cha majumbo opotana, chakuda, chonunkha. Mbuzi yotere imaonda ikudya, mimba itafufuma, nthiti zikuwerengeka, mpaka tsiku lina osadzukanso. Kafukufuku wa ku Mponela anapeza mapulasitiki m'mimba mwa ziweto pafupifupi 4 mwa 10 zilizonse zophedwa. Mbuzi imeneyo ndiyo inali fizi ya mwana, ndiyo inali thumba la feteleza.

Mayi Gloria Majiga-Kamoto, amene ankagwira ntchito ku bungwe la CEPA ku Blantyre, anaziona mbuzi zikufa choncho ndipo sanangodandaula. Anasonkhanitsa mabungwe, atolankhani ndi anthu wamba, n'kumafunsa mosalekeza chifukwa chimene mlandu sukuweruzidwira. Pa 31 Julayi 2019 Khoti la Supreme linagamula kuti lamulo ligwire ntchito. Chaka chotsatira mafakitale ena amene ankapitiriza mwakabisira anatsekedwa, ndipo mu 2021 mayiyu analandira mphoto ya Goldman, imene imaperekedwa kwa omenyera chilengedwe padziko lonse. Mukuganiza kuti nkhani inathera pomwepo? Chaka chomwecho kunabwera chiletso china, mu 2024 chinanso. Ndipo nthawi iliyonse panapezeka anthu obwereranso kukhoti, kuwailesi ndi pamsewu.

Apa ndiye pagona nkhani. Aphungu akavomereza bilu, mtsogoleri wa dziko n'kusaina, ntchito imakhala itangoyamba kumene. Munthu amene lamulo likumudulira phindu sagona tulo. Ali ndi maloya, ali ndi nthawi, amadziwa khomo lililonse la ku Capital Hill. Koma munthu amene lamulo likumuteteza, mayi wotunga madzi mumtsinje wa Mudi kapena mlimi wa mbuzi wa ku Dowa, kawirikawiri sadziwa n'komwe kuti lamulolo lilipo. Mbali imodzi ikakhala maso, ina ili m'tulo, zotsatira zake n'zodziwikiratu. Dzukani, abale anga. Lamulo limayenda ndi miyendo yathu.

Masiku ano m'misonkhano ya mabanki ndi makampani mukumveka zilembo zitatu, ESG. Zisakuopseni. Kuseri kwake kuli mafunso atatu amene aliyense wa ife angathe kufunsa. Kodi ntchito yanu ikusiya nthaka, madzi, mpweya ndi mitengo zili bwanji? Kodi antchito anu ndi anthu oyandikana nanu mukukhala nawo motani? Kodi ndalama zikuyenda poyera, ndipo zinthu zikalakwika ayankhe ndani? Mfumu iliyonse yanzeru imafunsa zomwezi kwa mlendo wopempha malo. Chatsopano n'chakuti tsopano mafunsowa alowa m'malamulo, ndipo mabanki ambiri akuluakulu sakongoza ndalama kwa kampani yolephera kuwayankha.

Pali mawu amene mudzawamva kawirikawiri, ena ochokera kwa anthu ophunzira ndithu: "Ndife dziko losauka. Tikakhwimitsa malamulo, obweretsa ndalama athawa. Titukuke kaye, zachilengedwe tidzaziona m'tsogolo." Musawalole mawu amenewa kudutsa osawayankha. Afunseni kuti chilengedwe chikawonongeka amalipira ndani. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Kwa nthawi yoposa chaka, wometa, wowotcherera zitsulo ndi wa chigayo ankangokhala manja ali m'thumba kudikira magetsi, pamene wolemera anangogula jenereta. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anapha anthu oposa 1,000, ndipo ku Chilobwe matope ndi miyala zinatsetsereka kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira mabanja. Mphepo ndi mvula sitikanaziletsa. Koma mitengo ya m'mapiri athu, komanso malamulo onena za malo oyenera kumangapo nyumba, zinali m'manja mwathu. Dziko losauka ndilo likufunika malamulo olimba kuposa lolemera, chifukwa anthu ake alibe kothawira.

Nanga zoti obweretsa ndalama athawa? Kumbukirani Novembala 2019, pamene dziko la America linalamula kuti fodya wochokera ku Malawi azigwidwa pamadoko ake chifukwa cha nkhani zogwiritsa ntchito ana ndi kukakamiza anthu ntchito m'minda. Makampani anachita kupereka umboni imodziimodzi kuti awatsegulire. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa utenanti. Msika sunatitsekere chifukwa chokhwimitsa malamulo; unatitsekera chifukwa cha kulekerera. Rwanda inaletsa majumbo mu 2008, Kenya mu 2017, ndipo malonda sanathe m'mayiko amenewo. Wochita bizinesi wachilungamo amakonda dziko limene malamulo ake ndi odziwika ndipo amagwira aliyense mofanana. Amene amathawa akamva za malamulo ndi uja amene anabwera kudzakumba n'kutisiyira dzenje. Ameneyo apite bwino.

Tsono tisamadzione ngati anthu opanda zida. Gawo 13 la Malamulo Oyendetsera Dziko limalamula boma kusamalira chilengedwe poganizira mibadwo ya m'tsogolo. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi athanzi, limamulola kupita kukhoti ufuluwo ukaphwanyidwa, ndipo linakhazikitsa bungwe la MEPA kuti liziyang'anira. Lamulo lomwelo limati ntchito zikuluzikulu, monga mgodi kapena damu, zisayambe popanda kafukufuku woona mmene zidzakhudzire chilengedwe ndi anthu. Kuyambira mu Seputembala 2020 tili ndi lamulo lotipatsa mphamvu yopempha zikalata ndi mauthenga ku maofesi a boma, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission ndilo limaonetsetsa kuti likutsatidwa. Lamulo la migodi la 2019 linabweretsa chinthu chimene makolo athu analibe: mwini mgodi waukulu apange mgwirizano wachitukuko ndi anthu ozungulira, ndipo aikepo ndalama zosachepera K4,500 pa K1 miliyoni iliyonse ya zimene wagulitsa. Mu 2023 aphungu anakhazikitsanso lamulo latsopano la migodi, lokhala ndi bungwe lake loyang'anira. Zonsezi zilipo. Funso n'lakuti ndani akuzigwiritsa ntchito.

Funsoli n'lachangu chifukwa nthaka yathu yadziwika. Mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa mu 2009, unaima mu 2014 mitengo itagwa, ndipo wayambiranso mu 2025. Ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku Songwe m'boma la Phalombe kuli miyala yosowa imene opanga magalimoto amagetsi akuifuna. Ku Kasiya, m'boma la Lilongwe, kwapezeka rutile wochuluka kwambiri. Ndi mwayi, ndipo tisachite nawo manyazi. Koma miyala simera kawiri. Mgodi umakhala zaka zowerengeka, pamene dzenje, mulu wa zotsalira ndi madzi a m'zitsime zimatsala ndi zidzukulu. Zimene tingagwirizane m'zaka zochepa zikubwerazi zidzatsala nafe nthawi yaitali kuposa boma lililonse.

Ndipo zambiri zimagamulidwa pamalo amene timawapeputsa: pamsonkhano wa pansi pa mtengo. Mukuudziwa. Galimoto zoyera ziwiri zaima pabwalo la sukulu. Amfumu apatsidwa mpando wapulasitiki kutsogolo, amayi akhala pansi kumbuyo ndi ana kumsana. Mnyamata wovala chipewa cha kampani wanyamula chibuku chokhuthala cha m'Chingerezi chimene palibe wachiwerenga m'mudzimo. Alankhula za ntchito, za mijigo, za chipatala. Kenaka pepala liyenda kuti aliyense alembe dzina kapena adinde chala, zakumwa ndi mabanzi zigawidwa, anthu aomba m'manja. Pepala limenelo likafika ku Lilongwe limakhala umboni wakuti anthu anafunsidwa ndipo anavomera. Ngati simunafunse kanthu tsiku limenelo, chala chanu chalankhula m'malo mwanu.

Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Imikani dzanja. Funsani mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo. Madzi otsukira miyala muzikawataya kuti, ndipo ndani aziyeza zitsime zathu, kangati pachaka? Zotsatira zake tizikaziona kuti? Osamutsidwa alandira chipukutamisozi chowerengedwa motani, ndipo achilandira asanasamuke kapena atasamuka? Manda athu muwatani? Mgodi ukadzatha, ndalama zokwirira dzenje zasungidwa kuti? Mijigo ndi chipatala mwanenazo zalembedwa patsamba liti, ndipo zidzatha chaka chiti? Pemphani kuti mfundo zikuluzikulu za chibukucho akufotokozereni m'chilankhulo chanu ndipo akusiyireni kope. Mukapanda kukhutira, nenani kuti mukufuna msonkhano wina. Musadinde chala pa chinthu chimene simunachimve. Ndipo amayi, bwerani kutsogolo. Inu ndi amene mumadziwa chitsime chimene chimayamba kuphwa ndi mtunda wa kunkhuni. Popanda mawu anu kafukufukuyo ndi woperewera.

Inu mafumu athu, Gogo Chalo ndi nyakwawa zonse, malo mukusungawo ndi a anthu amene sanabadwe. Envelopu imatha mwezi usanathe, koma dzina la mfumu imene inagulitsa dambo la mudzi silifafanizika. Kambiranani poyera, anthu anu akumva, ndipo mudzaona kuti mlendo amalemekeza mfumu yokhala ndi anthu kumbuyo kwake.

Inu ogwira ntchito m'boma, oyendera mafakitale, alangizi a zankhalango, a zachilengedwe kukhonsolo, tikudziwa kuti nthawi zina mulibe mafuta a galimoto, ndipo lamya yochokera kumwamba imatha kukuimitsani pakhomo pa fakitale. Lembanibe lipotilo. Lembani zimene mwaona, ikani deti, sainani. Lipoti loona limatha kugona m'kabati zaka zingapo, koma tsiku limene khoti kapena Nyumba ya Malamulo idzalifune, lidzakhala lilipo.

Inu a bizinesi, aakulu ndi aang'ono, musadikire kuti akugwireni. Lipirani antchito malipiro ovomerezeka, apatseni zodzitetezera, sungani mabuku oona, musatayire zonyansa mumtsinje usiku. Wogula wakunja akadzafunsa umboni, inu mudzakhala okonzeka pamene anzanu akuthamangathamanga. Ndipo inu achinyamata amene munapita kusukulu, muli ndi foni ndi intaneti m'manja, digiri yanu isangodikira ntchito ya mu ofesi. Pezani lamulolo, liwerengeni, mukawafotokozere agogo anu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi. Jambulani mtsinje lero kuti mawa pasadzakhale wokana mmene unalili. Lembani kalata yopempha zikalata kwa bwanamkubwa, sungani kope lodindidwa, ndipo akachedwa kuyankha pitaninso.

Sindikukulonjezani kuti zidzakhala zophweka. Mudzatchedwa odana ndi chitukuko. Ena mwa amene munayamba nawo adzalandira kangachepe n'kukhala chete. Mudzapambana mlandu lero, mawa n'kumva kuti kwatuluka chiletso china. Mukadzafika pamenepo musadzati lamulo n'lopanda ntchito, chifukwa kutopa kwanu ndiko kumene winayo akudikira. Wozemba lamulo sadalira kuti ali pachoonadi; amadalira kuti inu mudzasiya. Musasiye.

Yambani sabata ino, ndipo yambani ndi chimene chili pafupi. Popita kumsika tengani dengu kapena chikwama chanu. Funsani khansala wanu kuti ndi ntchito ziti zikuluzikulu zikubwera m'dera lanu ndipo kafukufuku wake ali kuti. Pezani anzanu asanu, mugawane malamulowa, aliyense awerenge limodzi n'kudzaphunzitsa anzake. Msonkhano wotsatira ukaitanidwa, pitani msanga, khalani kutsogolo, ndipo funso loyamba likhale lanu.