Kodi bodza lokometsera wakufa si bodza?

Tonse takhalapo pa maliro pamene mbiri ya malemu ikuwerengedwa. Wowerenga amasankha zabwino zokhazokha, ife n'kumagwedeza mitu ngakhale tikudziwa kuti zina zachita kuwonjezedwa. Timati palibe cholakwika, poti wakufa sangadziyankhire ndipo anamfedwa akufuna chitonthozo. Koma mwezi uno tiyeni tilingalire funso ili: kodi nkhani imene si yoona ndi yololedwa chifukwa chakuti yatilimbikitsa mtima? Kuti tikambe momasuka osakhudza banja la wina aliyense mwa ife, titenge chitsanzo chakutali, cha anthu amene ankagwira ntchito ya ukazitape ku Germany pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, imene inamenyedwa kuyambira 1939 mpaka 1945.

Pa 9 April 1945, kutatsala mwezi umodzi kuti nkhondo ithe ku Ulaya, boma la Adolf Hitler linanyonga gulu la akaidi ku msasa wa Flossenbürg. Mmodzi anali Wilhelm Canaris, amene anatsogolera Abwehr, nthambi ya ukazitape ya asilikali a Germany, kuyambira 1935 mpaka 1944. Wina anali Hans Oster, mkulu wina wa nthambi yomweyo. Wina anali mbusa Dietrich Bonhoeffer, amene ambiri a ife tinamvapo dzina lake. Mlamu wake, Hans von Dohnanyi, ndiye anamulowetsa mu Abwehr, ndipo ntchito imeneyi inamupatsa mpata woyenda kunja kwa dziko. Mu May 1942 anakumana ku Sweden ndi Bishopu George Bell wa ku Chichester n'kumuuza za anthu amene ankakonza zochotsa Hitler. Kuyambira 1998 chifanizo chake chili pa khomo la Westminster Abbey ku London, pamodzi ndi cha Arkibishopu Janani Luwum wa ku Uganda.

Pali nkhani ya imfa ya Bonhoeffer imene yabwerezedwa m'maulaliki ndi m'mabuku ambiri. Imati m'mawa umenewo iye anagwada n'kupemphera, anayenda modekha kupita ponyongera, ndipo anafa m'kanthawi kochepa. Ndi nkhani yogwira mtima, ndipo tonse tingakonde kuti ikhale yoona. Koma tikafunsa kumene inachokera, tipeza kuti anailemba ndi dokotala wa msasawo, Hermann Fischer-Hüllstrung, amene anali wa gulu la SS, ndipo anailemba patapita zaka pafupifupi khumi. Mkaidi wina wa ku Denmark amene anali mu msasa womwewo, Jørgen Mogensen, anadzatsutsa nkhaniyi. Iye anati kunyonga kwa tsikulo kunatenga maola ambiri ndipo kunali kwa nkhanza. N'chifukwa chake akatswiri ambiri a mbiri yakale masiku ano saukhulupirira umboni wa dokotalayo. Ku Flossenbürg ndi ku misasa yake ing'onoing'ono kunafera anthu pafupifupi 30,000. Dokotala amene anagwira ntchito pa malo otere anali ndi chifukwa chofunira kuti imfa zija zioneke zaulemu ndi zosazunza. Tikamabwereza nkhani yake, mwina tikuganiza kuti tikulemekeza wophedwa, chonsecho tikuyeretsa m'manja mwa amene anali kumbali ya akupha.

Nkhani ya Canaris ndi yovuta kuposa apa. Nkhondo itatha, anthu a ku West Germany ankafuna munthu wa yunifolomu ya usilikali amene angamuloze kuti uyu anali wabwino. Mu 1954 kunatuluka filimu yotchedwa Canaris yomuonetsa ngati ngwazi yopanda banga. Ku Britain nako kunafala mbiri yoti mwina ankatumikira Angerezi mobisa. Ofufuza amene anadzabwerera ku zikalata, monga Heinz Höhne amene analemba mbiri ya moyo wake mu 1976, anapeza munthu wa mbali ziwiri.

Zabwino zake ndi zenizeni. Mu September 1939 anadandaula kwa mkulu wa asilikali, Wilhelm Keitel, za kuphedwa kwa anthu ku Poland. Mu September 1941 anasayina kalata yotsutsa nkhanza zimene akaidi a nkhondo a ku Soviet Union ankachitiridwa, ndipo Keitel anaikana. Mu 1942 analola Dohnanyi kutumiza ku Switzerland anthu 14 amene ankasakidwa chifukwa cha Chiyuda, powanamizira kuti ndi akazitape. Koma zoipa nazonso ndi zenizeni. Mu 1919 anathandiza msilikali wina amene anazengedwa pa mlandu wa kuphedwa kwa Rosa Luxemburg kuthawa m'ndende. Anathandiza kukonza thandizo la Germany kwa Franco pa nkhondo yapachiweniweni ya ku Spain. Nthambi yake inapereka yunifolomu za asilikali a Poland zimene a SS anafuna mu 1939 pokonza chinyengo choti zioneke ngati Poland ndiyo yaputa nkhondo. Apolisi achinsinsi a usilikali, amene anali pansi pa Abwehr, anapha nawo anthu wamba ndi Ayuda m'madera olandidwa a kum'mawa. Kwa zaka zisanu ndi zinayi munthu ameneyu anatumikira boma limene pomaliza linamunyonga.

Chitsanzo chachitatu ndi cha Reinhard Gehlen, amene pa nkhondo ankasonkhanitsa zinsinsi za asilikali a Soviet Union, ndipo pambuyo pake anatsogolera nthambi ya ukazitape ya West Germany kuyambira 1956 mpaka 1968. M'buku la moyo wake la mu 1971 analemba kuti Martin Bormann, mlembi wa Hitler, anali kazitape wa Soviet Union ndipo anathawira kumeneko. Ena anakhulupirira, poti amati mkulu wa akazitape sangalephere kudziwa. Koma mu December 1972 anthu okumba pa malo omanga ku Berlin anapeza mafupa, ndipo mu 1998 kuyeza kwa DNA kunatsimikiza kuti anali a Bormann. Munthuyo anafera mu Berlin momwemo mu May 1945. Udindo waukulu wa wonena sunasandutse mawu ake kukhala oona.

Mwina wina mwa ife anena kuti: "Nanga zikutipweteka chiyani? Anthuwa anafa kalekale, ndipo nkhani yokoma imathandiza ana athu kukhala olimba mtima." Funsoli ndi lomveka ndipo sitiyenera kulinyoza. Koma tikaliyang'anitsitsa tiona kuti bodza lokometsera limakhala ndi wina amene likumupondereza. Tikamuyesa Canaris woyera kotheratu, tafafaniza anthu amene anaphedwa ndi apolisi a pansi pa nthambi yake, ngati kuti sanakhaleko. Tikamuyesa woipa kotheratu, tanyoza anthu 14 aja amene anapulumuka. Lamulo loletsa umboni wonama timaliganizira kawirikawiri pa miseche yoipitsa mnzathu, koma wochitira umboni amene akometsera wolakwa walakwiranso wolakwiridwa.

Ndipo zimenezi si za m'mabuku chabe, zinafika mpaka ku makhothi. Mu 1956 khothi lalikulu la West Germany linamasula Otto Thorbeck, woweruza wa SS amene anagamula kuti Bonhoeffer, Canaris ndi Oster aphedwe, ngati kuti mlandu umene unazengedwa mu msasa muja unali wa chilungamo. Kwa zaka zambiri anthu ena ankamutcha Oster wopereka dziko, chifukwa mu 1940 anachenjeza msilikali wa ku Netherlands za tsiku limene Germany idzaukire dziko lawo. Mabanja a ophedwawo anakhala ndi chitonzo chimenechi. Mpaka mu 1996 m'pamene khothi la ku Berlin linanena poyera kuti chigamulo cha ku Flossenbürg chija chinalibe mphamvu. Akuluakulu anati mlandu suola. Amene anathandiza kuti choonadi chituluke ndi anthu amene anakana kungomvera za m'maluwa, nabwerera ku zikalata ndi kwa mboni.

Tisaope kuti kufufuza kutilanda anthu amene timawalemekeza. Tikachotsa nkhani ya dokotala uja, Bonhoeffer satsika ngakhale pang'ono. Zotsimikizika n'zokwanira: mu 1939 anali ku America pa mtendere, koma anasankha kubwerera kwawo, anamangidwa mu April 1943 nakhala m'ndende zaka ziwiri, pa Sabata la pa 8 April 1945 anatsogolera mapemphero a akaidi anzake, natumiza moni womaliza kwa Bishopu Bell kudzera mwa mkaidi wa ku Britain, Payne Best. Ngati imfa yake inali yowawa kuposa mmene tinauzidwira, ndiye kuti mtengo umene analipira unali waukulu kuposa mmene timaganizira. Nayenso Canaris weniweni amatiphunzitsa zambiri kuposa wa mu filimu. Amatisonyeza kuti munthu angathe kudana ndi choipa mumtima, n'kupulumutsa ochepa, koma n'kumapitirizabe kuchitumikira tsiku ndi tsiku. Chenjezo limeneli likutikhudza tonse, ndipo ngwazi yopeka singatipatse.

Nanga ife amene sitingapite kukawerenga zikalata za ku Germany tichite chiyani? Njira ya ofufuza aja ndi yosavuta, ndipo aliyense angaigwiritse ntchito. Tikamva nkhani tifunse: wainena ndani? Kodi anaona yekha kapena anachita kumva? Wainena liti, pomwepo kapena patapita zaka? Nanga iye apindulanji tikaikhulupirira? Mafunso amenewa ndi amene anagwetsa nkhani ya dokotala ndi ya Gehlen. Tiwafunse makamaka pa nkhani imene yatikomera, chifukwa yotiwawa timaifufuza kale popanda wotiuza.

Sitikunena kuti pa maliro tiziulula zolakwa za malemu. Pali nthawi yoti munthu akhale chete, ndipo kukhala chete chifukwa cha chifundo si kunama. Koma kusiya kunena chinthu n'kosiyana ndi kupeka chimene sichinachitike. Tikapatsidwa mwayi wophunzitsa pa msonkhano wa amayi, kapena wofotokozera adzukulu mbiri ya munthu, tinene zimene tatsimikiza. Pamene tangomva, tinene poyera kuti tangomva. Kuona maso a nkhono n'kudekha, amayi anzathu, ndipo nkhani imene sitinaifufuze ikhoza kudikira mpaka msonkhano wotsatira.