Ndani Alembe Mawu a Pansi pa Galasi?

Chigaza chimene chinafukulidwa ku Kabwe mu 1921 chikadali ku London, ndipo Zambia yakhala ikupempha kuti chibwerere kwawo. Pempholi ndi loyenera. Koma mlandu womwewo ulinso pakhomo pathu.

Lusaka inakhala likulu mu 1935 pa nthaka ya Asoli. Lero mfumu yawo, Nkomeshya Mukamambo II, ili ku Chongwe, kumene chaka ndi chaka amachita Chakwela Makumbi, kupempha mvula kwa makolo. Khasu kapena ng'oma ya pamwambowu ikalowa mu miyuziyamu ya ku Lusaka, yomwe inatsegulidwa mu 1996, ndani alembe mawu a pansi pa galasi? M'chilankhulo chanji?

Woyang'anira miyuziyamu akalemba yekha, m'Chingelezi, kuti ichi ndi chida chamakedzana, waika m'manda anthu amene akali moyo. Chilungamo n'chakuti agogo a ku Chongwe afotokoze okha m'Chisoli, mayina awo alembedwe, ndipo chionetserocho chiziyendanso pa Great East Road kukafika kwa eni ake.

Inu a m'komboni, mukakalowa mu miyuziyamu, musangowerenga mawuwo. Funsani amene anawalemba, ndi amene sanafunsidwe.