ULENDO WOFUNA NDALAMA UKHALE NDI TSIKU LOBWERERA

Palibe mudzi m'dziko la Malawi umene sunaperekezepo mwana wake pa ulendo wofuna ndalama. Agogo akale anayenda pansi kunka ku Halale ndi ku Joni, ana ao anakwera ndege za Wenela, ndipo adzukulu ao lero ali kukwera mabasi odzera pa Mwanza ndi pa Dedza, kupyola Tete, mpaka kukaoloka Limpopo pa Beitbridge. Ena safika kutali chotero, angochoka kumudzi kunka ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku minda ya fodya ya ku Kasungu. Onsewo mtima wao ndi umodzi, ndiwo wakuti banja lao lione mpumulo. Tsono nkoyenera kuti Akristu, makamaka akatekisti amene anthu amadza kwa iwo kudzapempha nzeru, adziwe chimene Eklezia aphunzitsa pa nkhani imeneyi.

Kufuna ndalama si tchimo

Mulungu anaika munthu m'munda kuti aulime, munthuyo asanachimwe nkomwe. Yosefe Woyera anali mmisiri, ndipo Ambuye Yezu anakula ndi chakudya chopezeka ndi thukuta la mmisiriyo. Nchifukwa chake Papa Pius XII, m'chaka cha 1955, anapatula tsiku la 1 May kuti Eklezia azikumbukira Yosefe Woyera ngati nkhoswe ya antchito. Paulo Woyera anasoka mahema ndi manja ake kuti asalemetse Akristu, nadzudzula kolimba alesi a ku Tesalonika. Bambo amene aona ana ake akubwezedwa ku sukulu chifukwa cha fizi, denga likudontha, feteleza atakwera mtengo, sachimwa pomanga katundu wake kukafuna ntchito. Womuseka kuti akonda za pansi pano alankhula ngati munthu amene sanagonepo ndi njala.

Koma Paulo yemweyo anachenjeza Timoteo kuti zoipa zambiri zimera pa kukondetsa ndalama. Moto uli pa mafuwa uphika nsima, moto womwewo ukakwera pa denga upsereza nyumba. Ndalama nayo igulidwa, ndipo mtengo wake ulipidwa ndi thupi, ndi banja, ndi ubale. Mkristu wanzeru ayamba wawerenga mtengowo asananyamuke.

Mtengo wolipidwa ndi thupi

Mbiri ya dziko lino ichitira umboni. Msonkho wa nyumba wa nthawi ya atsamunda unafuna ndalama, pamene ntchito za kuno zinali zochepa ndi za malipiro osakwanira. M'chaka cha 1935, bungwe limene boma la Nyasaland linaika kuti lifufuze za anthu opita kunja linayerekeza kuti amuna ngati 120,000 anali kunja kwa dziko, ndipo ambiri mwa iwo anali atasiya kumveka kwao. Anthu anawatcha machona. Pofika 1973 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 April, 1974, ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndi kupha Amalawi oposa 70 amene anali pa ulendo wobwerera kwao. Boma linaimitsa kulemba anthu. Ntchitoyo inayambanso mu 1977 pa dzina la Theba, ndi kutha mu 1988.

Amene anafika kwao bwino anabwera ndi njinga, makina osokera, mabulangete ndi ndalama zogulira malata, ndipo zimenezo zinathandizadi mabanja. Koma ambiri anabweranso ndi chinthu chosaoneka ndi maso. Poboola mwala wa golide patuluka fumbi losalala kwambiri, limene likalowa m'mapapo silitulukanso. Liumitsa mapapowo pang'onopang'ono ndi kutsegulira njira chifuwa chachikulu. Matendawo, otchedwa silicosis, alibe mankhwala ochiza, ndipo kawirikawiri aonekera patapita zaka munthu atasiya ntchito. M'chaka cha 2019 bwalo lalikulu la milandu la ku Johannesburg linavomereza pangano lakuti makampani asanu ndi limodzi a migodi ya golide apereke marandi 5 biliyoni opepesera odwalawo ndi mabanja ao. Chilungamo chimenecho nchoyenera, koma chinapeza ambiri ali kale kumanda, ndipo palibe ndalama yogula mpweya.

Mlandu waukulu pamenepa uli pa eni migodi. Papa Leo XIII anali atanena kale mu 1891, m'kalata yake ya Rerum Novarum, kuti malipiro ayenera kukwanira moyo wa wantchito, kuti okumba pansi pa nthaka ayenera kuchepetseredwa maola pakuti ntchito yao ndi yowawa ndi yoononga thupi, ndi kuti tsiku lopumula silingachotsedwe ndi pangano lililonse. Komabe phunziro likhudzanso wantchito mwini wake. Alipo lero amene agwira ntchito ziwiri, usana ndi usiku, nadya kamodzi pa tsiku kuti asunge zambiri, nakana kupita kuchipatala poopa kutaya malipiro a tsiku limodzi. Lamulo lachisanu, loletsa kupha, liletsanso munthu kudzipha yekha pang'onopang'ono. Lamulo lachitatu silinaperekedwe kuti likhale katundu. Mulungu anadziwa kuti munthu wosapumula aiwala kuti ali ndi mzimu.

Mtengo wolipidwa ndi banja

Pa tsiku la Ukwati mwamuna ndi mkazi alonjezana pamaso pa Mulungu kukhalira limodzi moyo wao wonse. Kusiyana kwa kanthawi chifukwa cha njala kuloledwa, koma ngozi yake ndi yakuti zaka ziwiri zisanduka zisanu, zisanu zisanduka khumi. Nyumba ikatha afuna mpanda, mpanda ukatha afuna galimoto. Akale anati: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndalama ifika pa lamya mwezi ndi mwezi, koma mwana wolowa m'gulu loipa asowa womdzudzula, mkazi wodwala asowa womtungira madzi, ndipo masiku ano, pamene amai nawonso ali kupita, ana atsala ndi agogo opanda mphamvu. Kumeneko kusungulumwa kukakula, ena ayamba banja lachiwiri, naiwala kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Otsala kumudzi nawo ali ndi mbali yao. Abale ena sayimba lamya kufunsa za moyo wa mwana wao, koma kungotchula zosowa. Ena aseka wobwera chimanjamanja, namuyerekeza ndi mnzake womanga nyumba ya njerwa zootcha. Motero manyazi ndiwo achonetsa anthu ambiri koposa kuuma mtima: munthu ntchito itamthera aopa kubwera kwao, nasankha kuvutika mobisika. Mudzi woseka wolephera ndiwo upanga machona.

Buku la Tobiti lisimba za ulendo wofuna ndalama umene unayenda bwino. Tobiti, wokalamba ndi wakhungu, atasauka anatuma mwana wake Tobiya ku dziko la Media kukatenga siliva amene anasungitsa kwa mbale wake. Ana, mai wa mnyamatayo, analira, naona kuti ndalamayo siingafanane ndi mwana wao, ndipo nthawi itapitirira ankatuluka tsiku ndi tsiku kukayang'ana kumseu. Tobiya anadziwa chimene anapitira. Sanayende yekha, pakuti anapeza mnzake wokhulupirika, amene pambuyo pake anadziwika kuti ndi mngelo Rafaele. Atakwatira Sara, apongozi ake anamuumiriza kuti akhalitse, koma iye anakana, podziwa kuti makolo ake ali kuwerenga masiku. Anabwera ndi ndalama, ndi mkazi, ndiponso mankhwala amene anapenyetsa bambo wake. Ulendowo unali ndi cholinga, unali ndi muyeso, unali ndi tsiku lobwerera.

Mtengo wolipidwa ndi ubale

Kali kokha nkanyama, ali awiri ndi anthu. Wotanganidwa ndi malonda kufikira kusowa pa maliro a anzake, pa matenda ndi pa mapemphero a mphakati, aganiza kuti ali kupindula nthawi. Koma ndalama siikumba manda, siigona pa siwa. M'mwezi wa May, 2008, anthu oposa 60 anaphedwa ku South Africa pa zipolowe zothamangitsa alendo, ndipo mu April, 2015, zitabukanso ku Durban, boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Ambiri anatsika ndi kachikwama kokha, katundu wa zaka zambiri atatsala kapena atapsa. Tsiku limenelo chuma chao chinali abale amene anawalandira. Wosunga ubale anapeza mphasa ndi nsima. Wodula ubale anafika ngati mlendo m'mudzi wobadwira.

Miphakati, imene inakhazikika m'dayosizi ya Lilongwe pa sinodi ya 1973 mpaka 1975 motsogozedwa ndi Episkopi Patrick Kalilombe, ili ndi ntchito pamenepa. Mphakati udziwe maina a anthu ake amene ali kutali, uwatchule popemphera, uyendere akazi, amuna ndi ana otsala, ndipo ulandire wobwera wopanda kanthu ndi ulemu womwewo umene ulandira wobwera ndi galimoto.

Zoyenera kufunsa wonyamuka

Papa Yohane Paulo wachiwiri, amene anachezera Malawi mu May, 1989, anaphunzitsa m'kalata ya Laborem Exercens ya 1981 kuti munthu ali ndi ufulu wochoka kwao kukafuna moyo wabwino ndi ufulu wobwerera, ndi kuti munthu ndiye aposa ntchito ndi zonse zimene ntchito ibala. Chifukwa chake katekisti saletsa wofuna kunyamuka, koma amkhazika pansi pamodzi ndi mkazi wake ndi ankhoswe, namfunsa zinthu zinai.

Choyamba, apitira chiyani? Atchule chinthu chodziwika, kaya ndi malata, kaya fizi ya ana, kaya mpamba wa malonda, kuti akachipeza adzadziwe kuti zakwanira. Chachiwiri, adzabwera liti? Agwirizane tsikulo ndi mkazi wake pamaso pa mboni, ndipo agwirizanenso kuti adzabwera ngakhale zitakanika. Chachitatu, apita bwanji? Akhale ndi makalata oyenera a boma, adziwe amene akamlandire, asapereke pasipoti yake kwa munthu womlonjeza ntchito yosadziwika, pakuti wopanda makalata aopa chipatala ndi polisi yomwe, ndipo womlemba ntchito amdyera masuku pamutu. Chachinai, akapemphera kuti? Alape ndi kulandira Ukaristia asananyamuke, atenge kalata ya kwa Bambo Mfumu, ndipo akafika afunefune tchalitchi ndi Akristu anzake sabata yoyamba yomwe.

Mafunso omwewa ayeneranso wa malonda wa pamsika, mlimi wa fodya ndi wa kabaza amene sachoka m'dziko, pakuti munthu atha kuchona akugona m'nyumba yake yomwe, ngati atuluka ana asanadzuke ndi kulowa atagona kale, Lamulungu ndi Lolemba osasiyanitsa.

Yosefe Woyera naye anakhalapo mlendo ku Ejipito, nasamala Mwana ndi Amai ake m'dziko la eni, ndipo nthawi itakwana anabwera nao ku Nazareti. Iye awapempherere onse amene ali kutali chifukwa cha ntchito, kuti Mulungu asunge matupi ao ndi maukwati ao, awapatse zokwanira, ndi kuwabweza kwao abale akali moyo.