Mukakagwira ntchito ya chisankho, sungani pepala lanu

Ana anga a kuno ku Namitete, inu aphunzitsi achinyamata, inu omaliza maphunziro pa Technical, ndi anzanu a ku Nsaru ndi Kabudula amene mumalembedwa ganyu ya chisankho kapena kutumidwa ndi chipani kukakhala mamonitala, tcherani khutu. Ndimakumvani mukunena kuti masiku ano mavoti amabedwera m'kompyuta, ndiye munthu wa kumudzi palibe chimene angachite. Zimenezo ine ndikukana. Mlandu waukulu wa chisankho umene dziko lino linauonapo unadalira mapepala olembedwa usiku m'makalasi ngati a sukulu zathu zino.

Tinavota pa 21 May 2019. Bungwe loyendetsa chisankho la MEC, wapampando wake ali mayi Jane Ansah, linalandira madando 147, koma linalengezabe kuti a Peter Mutharika apambana. A Saulos Chilima ndi a Lazarus Chakwera anakamang'ala kukhoti. Katswiri wa makompyuta, a Daud Suleman, anafika ndi zipangizo zawo m'khoti ku Lilongwe kuonetsa momwe ziwerengero zinkalowera m'makina a MEC, ife tili khutu pa wailesi mpaka nsima kupola. Komatu majaji asanu amene ankaweruza mlanduwo, motsogozedwa ndi a Healey Potani, pothetsa chisankhocho pa 3 February 2020, anakhazikika kwambiri pa mapepala: ena ofufutidwa ndi Tipp-Ex, ena olowa m'malo mwa enieni, ena opanda siginecha ya woyang'anira senta. Khoti la Supreme linavomereza chigamulochi pa 8 May, ndipo pa 23 June tinakaimanso pamzere.

Makina amatumiza zimene munthu walowetsamo. Kuti zidziwike kuti nambala yofika kulikulu yasiyana ndi ya pasenta, pafunika wina amene anasunga pepala la pasentapo. Winayo ndinu. Choncho kuwerenga kukatha, ngakhale kutada, njala ikuluma, tochi ikuzirala, musasaine pepala lopanda manambala chifukwa wamkulu wanena kuti "sainani tizipita, tidzaza tokha." Wonkhetsani nokha: mavoti a aliyense, owonongeka, ndi mapepala otsala, zigwirizane ndi mapepala ovotera amene anabwera m'mawa. Pakalakwika, pakonzedwe onse akuona. Tengani kope yanu, ijambuleni pa foni, yeniyeniyo muikulunge mu jumbo kuti isanyowe. Mukaona chachilendo, lembani pomwepo nthawi, malo ndi amene analipo, chifukwa pakapita miyezi isanu ndi umodzi loya adzakufunsani mafunso oti mutu wokha sungawasunge.

Tsono pa za kuulula ndikuuzeni mosabisa. Pa mlandu womwe uja panali woyesa kugula majaji. Majajiwo sanakhale chete. Jaji Wamkulu wa nthawi imeneyo, a Andrew Nyirenda, anakatula nkhaniyo ku bungwe lothana ndi katangale la ACB, ndipo mu 2021 mpondamatiki Thom Mpinganjira anagamulidwa kukakhala kundende zaka 9 chifukwa choyesa kugula majajiwo. Majajiwo anachita bwino kwambiri. Koma iwo ankaperekezedwa ndi asilikali popita kukhoti. Inu mudzabwerera pa kabaza nokha.

Lamulo lokutetezani lilipo, ngakhale ndi lopyapyala. Gawo 51A la lamulo lothana ndi katangale limati dzina la munthu wokatsina khutu ACB kapena apolisi lisaululidwe, ndipo womuzunza chifukwa choulula alipire K50,000 ndi kukakhala kundende zaka 2. Ndalama imeneyo lero siyikwana ngakhale thumba limodzi la feteleza, ndiye bwana wofuna kukusamutsirani kutali kapena kukumanani ganyu yotsatira sangaiope. Musaiwalenso a Issa Njauju, mkulu wina wa ku ACB komweko, amene anaphedwa mu July 2015. Sindikukuopsezani kuti mukhale chete ayi. Ndikufuna muyende mochenjera. Chitetezo cha gawo limeneli ndi cha wokanena ku ACB kapena kupolisi, osati wothira nkhani pa Facebook kapena m'gulu la WhatsApp la kumudzi. Dandaulo la chisankho lilembeni, mulipereke kwa akuluakulu a MEC, musunge kope yosonyeza tsiku. Pezani mnzanu amene anaona nawo, paja mutu umodzi susenza denga. Ndipo nenani zokhazo zimene maso anu anaona, chifukwa lamulo lomwelo limalanganso wonamizira mnzake dala.

Chovuta kwambiri kwa ife a kuno ndi ichi. Dera lathu limadziwika mbali imene limavotera, ndiye wosintha nambala pasenta panu akhoza kukhala malume anu, ndipo wopindula n'kukhala amene inuyo munamuvotera. Apo ndi pamene ambiri amayang'ana kumbali. Koma taonani za 2025. Tisanavote, odandaula ndi makina a kampani ya Smartmatic anali a DPP ndi zipani zina zotsutsa. Titavota pa 16 September, odandaula anasanduka a MCP, mpaka mtsogoleri wawo a Chakwera anavomera kugonja pa 24 September. Amene munamulekerera chifukwa ndi wanu wakuphunzitsirani njira a ku dera lina, ndipo pa chisankho chotsatira pepala lofufutidwalo lidzakhala lochotsa voti ya mayi anu.