Thanga ndi Mwera

Kunja kwangoyamba kuyera, ku Senga Bay nyanja ikadali zii.

Mnzanga wina wasunga ndalama zaka zitatu, akufuna boti ya thanga. Ndamuuza kuti ayambe wakwera ya eni ake. Aphunzire kumva mphepo pa tsaya, kumasula chingwe ikakula, ndi kuyenda mokhotakhota, pakuti thanga silipita molunjika kumene mphepo ikuchokera. Kaboti kakagubuduzika pafupi ndi gombe, munthu amangonyowa, anzake n'kuseka. Mwera wa mu Julaye ukamupeza pakati pa madzi, palibe woseka.

Poyamba anangoti duu. Dzulo wandiimbira, akuti Loweruka akayamba kuphunzira, koma ndimuperekeze. Ine kusambira sinditha.